Napolo Timamudziwa ndi Khutu

Moni amayi amene muli pamoto kuthyakula nsima, wailesi mwaiika pakhonde. Moni abambo amene mwangotsika panjinga kuchokera kumsika, thukuta lisanaume. Moni agogo, moni achimwene ndi achemwali, moni ana asukulu. Ndiponyenso moni kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kwa abale athu a ku Limbuli ndi Mulanje yense, poti mphepo yonyamula mawu siima pachipata kudinditsa chiphaso. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya chiyankhulo ndi chikhalidwe, kuchokera kuno ku Milange, m'tsinde mwa phiri la Tumbine.

Ndiyambe ndi funso. Ndani mwa inu anamuonapo Napolo?

Funso limeneli ndalifunsa kwa akuluakulu angapo, ndipo pa za maonekedwe ake sagwirizana. Ena amati ndi njoka yaikulu yogona pansi pa phiri, imene ikafuna kusamuka imatsika kulowera kumadzi. Ena amati imayenda ndi ng'oma. Ena amangopukusa mutu n'kunena kuti woona Napolo sakhala ndi moyo woti afotokoze. Koma mukawafunsa kuti nanga amamveka bwanji, onse amatsitsa mawu, ndipo pakamwa pawo pamatuluka chinthu chimodzi: gu, gu, gu, gu.

Mutu wathu lero wagona pamenepo. Napolo sitimudziwa ndi maso, timamudziwa ndi khutu. Ndipo amene amatenga zimene khutu lamva n'kuziumba kukhala thupi ndi wokamba nthano, woyimba ndi mlakatuli. Tiyamba ndi mvekero, mawu aja otsanzira kulira kwa zinthu. Kenaka tiona timaphatikizo ting'onoting'ono ta kumayambiriro kwa mawu. Tikatero timuika Napolo pafupi ndi Mbona, kuti timve kusiyana kwawo. Tiwolokanso nyanja pang'ono kukaona chimphona cha Apwitikizi, tisanabwerere kuno kuphiri kwathu.

Tisanapite patali, ndinene kuti nkhaniyi sindikuitenga mopepuka. Dzina la Napolo lili ndi manda kumbuyo kwake. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumukira anthu a ku Phalombe. Mu Januwale 1998 linali phiri lathu lomweli la Tumbine, ndipo ena mwa inu amene mukumvera munaika abale anu m'manda nthawi imeneyo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy analowera ku Quelimane n'kukwera mpaka kuno, ndipo mapiri a ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Soche ku Blantyre anatsitsa matope pa nyumba za anthu. Kwa inu nonse amene muli ndi chilonda chimenechi, pepani. Tikambirana mwaulemu.

Ine Napolo ndinayamba kumumva kwa agogo anga aakazi. Tinkakhala pamkeka madzulo, tikutong'ola chimanga m'lichero, nyali ya koloboyi ili pambali. Akafika pa nkhani ya Napolo, manja awo ankaima, chitsononkho chili m'dzanja. Ankatsitsa mawu mpaka tonse tisendere pafupi. Ndiye ankayamba kugunda pansi ndi chidendene, pang'onopang'ono: gu... gu... gu. Kenaka mofulumira: gugugugu. Mawu akukwera, chidendene chikuthamanga, mpaka ankafuula kuti phwaa! Pamenepo ankasiya. Osanena kanthu. Ife ana tinkapinda miyendo kuichotsa kumphepete kwa mkeka, ngati kuti chinthucho chikudutsa pansi pathu. Agogo sanatiuzepo kuti Napolo ndi wakuda kapena wamawangamawanga, wotalika mikono ingati. Komabe aliyense wa ife ankagona akumudziwa bwinobwino.

Zimene agogo ankachitazo kusukulu amazitcha mvekero. Tiyeni tiyese limodzi, inu muli kunyumbako. Nenani kuti gu. Mwamva kumene mawuwo achokera? Achokera kukhosi, milomo yasongoka, m'kamwa mwasanduka phanga. Tsopano nenani kuti tho, tho, tho, monga madzi akamadontha padenga lothonya. Lilime lathamangira kumano, mawu afupika, apepuka. Palibe amene angakhulupirire mlakatuli wonena kuti Napolo anatsika m'phiri tho tho tho. Kulemera kwa chinthu kumamveka m'mawu ake. Mawu okhala ndi g, d ndi b, makamaka akatsatana ndi u kapena o, amanyamula zinthu zolemera: gu, di, gubudu. Mawu okhala ndi t, k ndi p, akatsatana ndi i kapena e, kawirikawiri amanyamula zazing'ono ndi zachangu. Sikuti ndi lamulo losaphwanyika, koma khutu la mwini chiyankhulo limazindikira lokha.

Chichewa chathu n'cholemera kwambiri pa mbali imeneyi, moti ngakhale zinthu zosalira timazipatsa kulira. Kukada timati kuli bii. Kukayera timati mbee. Magazi timati psuu. Munthu wotuwa ndi fumbi ali mbuu. Ngakhale kusowa kwa phokoso kuli ndi phokoso lake: zii. Choncho mlakatuli wa Chichewa akafuna kujambula chinthu chimene palibe anachionapo, sasowa utoto.

Ndibwereze mfundo yathu kwa amene mwangotsegula wailesi: Napolo timamudziwa ndi khutu, ndipo chida choyamba cha mlakatuli pomuumba ndi mvekero. Tsopano tipite ku chida chachiwiri, chimene ine ndimachikonda koposa, chifukwa timachigwiritsa ntchito tsiku lonse osachiona.

Mvetserani ziganizo zitatu izi. Chigumula tinachimva. Njoka tinaimva. Napolo tinamumva. Mwamva kusiyana? Pa chigumula tati chi, pa njoka tati i, koma pa Napolo tati mu. Ka mu kameneka ndi kamene timaika pa munthu: mwana tinamumva, mlendo tinamumva. Timakaikanso pa nyama zina monga kalulu ndi nyalugwe, zomwe m'nthano zimayankhula ndi kuchita ziwembu ngati anthu. Ndiye kuti mlakatuli asanalembe n'komwe mzere woyamba, chiyankhulo chamupatsa kale Napolo mtima ndi maganizo. Madzi osefukira sangafunsidwe kuti walingalira chiyani. Napolo angafunsidwe: wakwiyira chiyani, ukupita kuti, ubweranso liti?

Mlakatuli ali ndi ufulu wosintha kaphatikizo kameneka, ndipo akakasintha, chinthu chonse chimasintha nkhope. Ndalemba mizere ingapo ndekha kuti timvere limodzi. Iyi ndi mizere yanga, yongophunzirira. Yoyamba nayi:

Chinatuluka chausiku, chinjoka cha m'phiri,
chikukwawa, chikukumba, chikukankha miyala,
gu, gu, gu kumtunda,
chimene chakhudza chachimeza.

Mwamva chi, chi, chi akubwerezedwa. Chi ameneyu ndi uja timanenera chimunthu, chigalu, chimwala. Amakulitsa chinthu, komanso amachichotsera ulemu. Napolo wa m'mizere imeneyi ndi chilombo. Alibe chifukwa, alibe chisoni, simungakambirane naye. Mwamvanso k amene ali m'mawu aja, kukwawa, kukumba, kukankha, akugunda ngati khasu pamwala.

Tsopano nkhani yomweyo, usiku womwewo, koma ndasintha kaphatikizo:

Adutsa eni phiri, adutsa usiku,
sanagogode, sanaodire,
adutsa ndi nkhokwe, adutsa ndi mbuzi,
adutsa ndi mwana wa kumsana.

Apa mulibe mvekero ngakhale umodzi. Muli a wa ulemu, amene timaitanira agogo, amfumu ndi apongozi. Napolo wasanduka wamkulu wa pamalo, wodutsa pa njira yake yakale, amene anthu sangamutchule dzina mwachisawawa. Kwa ine mizere yachiwiriyi ndi imene imandiwawa kwambiri. Chilombo chikakulanda mwana umatha kuchitukwana. Koma akakulanda ndi wamkulu amene umamuopa ndi kumulemekeza, umangogwira pakamwa. Ndi mmene anthu ambiri amayankhulira ngozi ikangochitika. Sanena zambiri. Amangoti, adutsa.

Taonaninso ntchito ya chibwereza. Mawu akuti adutsa abwera kasanu. Kubwereza kotereku kumayenda ngati mapazi. Kulikonse kumene mawuwo aponda, chinthu chimodzi chatengedwa, ndipo zotengedwazo zikunka zikula: nkhokwe, mbuzi, mwana. Womvera amayamba kuopa kuponda kotsatira mlakatuli asanafikeko. Amayi olira maliro amaidziwa bwino njira imeneyi popanda kuiphunzira m'kalasi. Amatchula dzina limodzi mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse amaonjezapo kanthu kamodzi.

Palinso chida chimene sichilembeka papepala, chimene agogo anga ankachigwiritsa ntchito atatha kunena phwaa. Ndicho kukhala chete. Mlakatuli anganene kuti:

Kutacha, tambala zii.
Mtondo zii.
Pachitsime zii.

Ndipo pakati pa mizereyo apume, alole omvera adzaze okha mpatawo. Mudzi umadziwika ndi phokoso lake la m'mawa, tambala, musi pamtondo, ndowa pachitsime. Mukachotsa phokosolo mwanena zonse zimene Napolo wachita, popanda kuwerenga mitembo. Alakatuli achinyamata ambiri amene ndimawamva amaopa kupuma. Amathamanga kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza ndi mawu okwera mofanana, ngati akuthawa mvula. Ana anga, chete nayenso ndi mawu. Mupatseni malo.

Tipume pang'ono ndi kanyimbo. Tikabwerera tipita kuchigwa cha Shire, kwa Mbona.

(Nyimbo)

Mwabweranso omvera. Kwa amene mwatipeza panjira, tikukambirana mmene kamvekedwe ka mawu m'ndakatulo kamaumbira zinthu za m'chikhulupiriro ndi m'nthano za makolo athu. Tati Napolo timamudziwa ndi khutu. Taona mvekero, taona timaphatikizo ta chi ndi a, taona chibwereza ndi kukhala chete.

Tsopano tiyeni kwa Mbona. Kachisi wake ali ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, pakati pa Amang'anja, ndipo kale mbiri yake inkafika mpaka mbali zino za Zambezia. Mbiri ya pakamwa imati Mbona anali wodziwa kuitana mvula, adani ake anamuchitira nsanje, anamuthamangitsa mpaka kumupha ndi kumudula mutu, ndipo magazi ake anayenda ngati mtsinje. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Holland, Matthew Schoffeleers, anafufuza nkhaniyi zaka zambiri n'kulemba buku lotchedwa River of Blood mu 1992. Anthu a kumeneko amakhulupirira kuti Mbona amabwera m'maonekedwe a nsato.

Imani kaye pamenepo. Napolo ndi njoka, Mbona amabwera ngati njoka. Napolo ndi wa madzi, Mbona ndi wa madzi. Mukanati muwajambule onse awiri papepala, mwana sangawasiyanitse. Nanga n'chifukwa chiyani palibe munthu wamkulu amene amawasokoneza? Chifukwa chimodzi chachikulu n'choti amamveka mosiyana. Napolo timamukamba atapita kale, ndi mawu ogunda. Mbona anthu amayankhula naye, ndi mawu otsika, manja akuombedwa mofatsa. Mapemphero a kukachisi ali ndi eni ake ndipo sindiwatchula pano. Ndingopanga mizere yanga yosonyeza kamvekedwe kamene ndikunena:

Mwini mvula, lolani mtambo ulemere,
mvula yoleza, yolowa m'munda mwa wamasiye,
yonyowetsa, yosalanda.

Yesani kuinena nokha. Milomo ikutsekeka mofewa pa m, lilime likuterereka pa l, mpweya ukudutsa pa w ndi y osagunda paliponse. Mulibe gu, mulibe phwa. Simungainene mokalipa ngakhale mutafuna. Mvula imene ikupemphedwa ndi ija yogwa waaa usiku wonse, yolowa pansi, ndipo mawu opempherawo akugwa ngati mvula yomweyo. Madzi ndi amodzi, koma pakamwa pa munthu agawika pawiri: madzi opatsa moyo ali ndi kulira kwawo, madzi olanda moyo ali ndi kwawo.

Mayina a Mulungu amene makolo anatisiyira nawonso amachita chimodzimodzi. Nenani kuti Mphambe, dzina limene limayendera limodzi ndi bingu ndi mphezi. Milomo imatsekeka kenaka n'kuphulika. Nenani kuti Namalenga. Dzinalo likuyenda pang'onopang'ono, ngati dzanja la woumba mbiya likuzungulira dongo. Mlakatuli wosamala sasankha dzina mwa mayinawa pongofuna kudzaza mzere. Amadziwa kuti akati Mphambe waitana bingu, akati Namalenga waitana woumba.

Za Kalulu sindichedwapo, poti aliyense amazidziwa. Wokamba nthano akafika pa Kalulu amafulumiza lilime ndi kukweza mawu: jowi, jowi, suzumiru, pwirikiti. Akafika pa Njovu amakoka mawu: di... di... di. Ana amadziwa amene apambane nthano isanathe, chifukwa amva kale amene ali wopepuka miyendo. Ndipo iwo akamavomera kuti tili tonse, akuimba ng'oma imene wokambayo akuvinira. Nthano yokambidwa kwa anthu osavomera imafa panjira.

Tsopano tiwoloke nyanja. Ambiri mwa inu amene munaphunzira m'Chipwitikizi mwamvapo dzina la Luís de Camões, mlakatuli wa ku Portugal amene anakhalapo pa Ilha de Moçambique kwa zaka pafupifupi ziwiri, akubwerera kwawo kuchokera ku India. Mu 1572 anasindikiza ndakatulo yaitali yotchedwa Os Lusíadas, yosimba ulendo wa Vasco da Gama. M'gawo lachisanu la ndakatuloyo muli chimphona chotchedwa Adamastor, chimene chimaonekera amalinyero kunsonga ya kumwera kwa Africa, kumene mafunde ankaswa zombo. Adamastor ndi Napolo wa anthu a panyanja: malo oopsa amene apatsidwa thupi ndi mawu. Camões amamujambula ndi maso, ndevu, tsitsi, mano, zonse. Koma nayenso anadziwa kuti chimphona chosayankhula sichiopsa mokwanira, choncho anachipatsa mawu aakulu omveka ngati akuchokera pansi pa nyanja.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi. Camões analemba m'ndime za mizere isanu ndi itatu, mzere uliwonse wa maphatikizo khumi, ndipo mizereyo imalira mofanana kumapeto. Mu Chipwitikizi zimenezi ndi ntchito yaikulu, chifukwa mawu awo amatha mosiyanasiyana, ndipo kupeza awiri olira mofanana ndi luso. Mu Chichewa sizili choncho. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo aneni athu ambiri amathera pa a. Kudya, kugona, kulira, kuyenda. Kufananitsa mapeto a mizere m'Chichewa n'kosavuta ngati kutola mango pansi mu Disembala. Ndimamva chisoni ndikamva mnyamata waluso akupotoza chiganizo, kuika mawu osafunika, n'cholinga choti mizere yake ithere mofanana monga anaonera m'ndakatulo za Chipwitikizi kapena za Chingerezi. Chipwitikizi chimalira kumchira. Chichewa chimalira kumutu. Chi, chi, chi uja tinamumva, a, a, a uja tinamumva, ndiye nyimbo yathu, ndipo chiyankhulo chimatipatsa chokha.

Mlakatuli wamkulu wa dziko lathu lino la Mozambique, José Craveirinha, amene analandira mphoto ya Camões mu 1991, analemba m'Chipwitikizi, koma ankalowetsamo mawu a Chironga ndi kugunda kwa ng'oma za kwawo. Buku lake lina analitcha Karingana ua Karingana, omwe ndi mawu oyambira nthano kumwera kwa dziko lino, monga ife timati padangotero. Anadziwa kuti pali zinthu zimene zimakana kusamukira m'chiyankhulo cha eni ake popanda kutenga kulira kwawo.

Kutsidya ku Malawi, Steve Chimombo anachita zofanana ndi Napolo. Iye anabadwa mu 1945, anaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, m'tsinde mwa phiri lomwe lija la 1946, ndipo anamwalira mu 2015. Mu 1987 anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Napolo Poems, ndipo analembanso sewero lonena za Mbona lotchedwa The Rainmaker. Analemba m'Chingerezi, koma dzina la Napolo sanalimasulire. Akanati alembe kuti njoka kapena chigumula m'Chingerezi, chinthucho chikanafera m'manja mwake. Inali nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, pamene mlakatuli ankatha kumangidwa chifukwa cha mawu, monga zinachitikira Jack Mapanje m'chaka chomwecho cha 1987. Owerenga ambiri anamva m'dzina la Napolo mphamvu ina yobwera usiku, yotenga anthu osaodira, imene m'mawa mwake aliyense amaikamba monong'ona. Dzina limodzi linanyamula zimene chiganizo chathunthu sichikanaloledwa kunyamula.

Palinso oyimba. Ngozi ya ku Zomba ija itachitika, a Paseli Brothers anapeka nyimbo yotchedwa Napolo, imene oyimba akhala akuibwereza mpaka lero, ndipo anthu amaivina. Ndili wamng'ono zinkandidabwitsa kuti anthu angavine bwanji nyimbo ya tsoka. Tsopano ndimaona kuti kumeneku ndi kumuweta Napolo. Chinthu chimene chinabwera ndi gu gu gu wosadziwika poyambira ndi pothera, woyimba wachiika m'kayendedwe koti mapazi a munthu angakatsate. Mantha akadalipo, koma alowa m'ndime, ali ndi poyambira ndi pomalizira. Ng'oma za tchopa za abale athu Alhomwe, zimene zimalira pa nthawi ya nsembe, nazonso zimandikumbutsa zomwezo: phokoso lalikulu limene anthu aligwira m'manja mwawo.

Tabwerera kuphiri kwathu. Pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchisunga mpaka pano. Gu gu gu uja agogo sanangomupeka. Akatswiri a za nthaka amafotokoza kuti mvula ikagwa masiku ambiri, dothi la m'mbali mwa phiri limakhuta madzi, limalemera, n'kuterereka pamwamba pa thanthwe. Likamatsika limatenga miyala ikuluikulu, ina yaikulu ngati nyumba, ndipo miyalayo ikamagundana m'khwawa imalira ngati ng'oma zakutali. Amene anati Napolo amayenda ndi ng'oma anamva zoona. Akatswiri omwewo amatchulanso zizindikiro zina: mtsinje kusanduka matope mwadzidzidzi, madzi kuchepa mosayembekezeka mvula ikugwabe chifukwa china chatseka kumtunda, mitengo kuthyoka m'phiri usiku. Zonsezi n'zoti munthu akaziona kapena kuzimva, asayambe wamanga katundu. Atenge ana, achoke m'khwawa, akwere pamalo otetezeka. Nthano ya agogo inali sukulu ya khutu. Inkaphunzitsa mwana kulira kumene sayenera kukudikira.

N'chifukwa chake ndimati mlakatuli ali ndi udindo posankha mmene Napolo wake amvekere. Akamupanga chilombo cha chi, chi, chi nthawi zonse, omvera amati palibe chimene tingachite, chilombo ndi chilombo. Akamupanga wamkulu wa a, a, a nthawi zonse, omvera amati eni phiri afuna okha. Mizere yonse iwiri ndi yoona pa maliro, ndipo ndaiyamikira. Koma tikayang'ana m'mbali mwa Tumbine lero timaona minda ikukwera, timaona utsi wa mauvuni a makala, timaona malo amene kale kunali mitengo yogwira dothi ndi mizu yake. Sindikuloza chala munthu, poti wootcha makala naye akusaka chakudya cha ana, ndipo mapiri ankagumuka ngakhale nkhalango zili zowirira. Komabe phiri lovulidwa limagwa msanga kuposa lovala. Ine ndikulakalaka kumva ndakatulo ya mwana wa ku Milange imene isayambe ndi gu gu gu. Iyambe ndi kho, kho, kho wa nkhwangwa masana, dzuwa lili phwee, mvula isanaganize zobwera. Kho ameneyo abwerezedwe ndime ndi ndime, mopepuka, ngati palibe vuto. Ndiye kumapeto kho asanduke gu. Ndakatulo yotero sidzafunika kulalikira. Khutu lidzalumikiza lokha.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, ndiye ndikusiyireni ntchito ya sabata ino. Ngati muli ndi agogo pakhomo, kapena wamkulu aliyense amene anaona za 1998 ndipo ali wokonzeka kuzikamba, khalani naye pansi. Musamukakamize ngati mtima wake sukufuna. Akavomera, musamufunse kuti Napolo amaoneka bwanji. Mufunseni kuti anamva chiyani. Mvetserani mvekero umene atulutse, muone ngati akuti chinadutsa, anadutsa kapena adadutsa eni ake, muonenso pamene akhale chete. Amene mumayankhula Chilhomwe kapena Chimarenje kunyumba, funsaninso m'ziyankhulo zimenezo, timve ngati phiri limalira mofanana m'makutu athu tonse. Ana asukulu, lembani mizere inayi yokha, muiwerenge mokweza pamaso pa amayi anu musanaitumize kuno, chifukwa ndakatulo imayesedwa ndi pakamwa.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzawerenga zimene mwatitumizira, ndipo tidzakamba za nyimbo za pamtondo, mmene kugunda kwa musi kumadulira mizere ya nyimbo. Amayi, mudzakhale pafupi ndi wailesi, chifukwa aphunzitsi tsiku limenelo mudzakhala inu. Mugone bwino nonse, a kuno ndi a kutsidya.